Chipolopolo chokana kukalamba: mbiri ya 7x57 Mauser

Pawindo la kuchipinda kwanga pamakhala kachitsulo kamkuwa kotalika ngati chala changa chaching'ono. Alendo akabwera amakatola, kukatembenuza, kenako n'kundifunsa ngati ndinakhalapo msilikali. Ayi ndithu, yunifolomu sindinaivalepo. Kachitsuloko ndi khoko la chipolopolo chimene ndinaomba ndekha pa famu ina ku KwaZulu-Natal, nthawi imene ndinkasaka moyo ku Joni. Kunsi kwake anadindako manambala awiri: 7x57.

Tsiku lina anakatola ndi mnzanga wina, sapota wa Liverpool wosamva zonena za munthu. Ndinamufunsa kuti, "Aise, kodi ukudziwa chifukwa chake malo aja oimbira masapota ku Anfield amawatchula kuti Kop?" Iye anangoti kukamwa yasa. Ndinamuuza kuti yankho lina lili m'manja mwakemo. Anaganiza kuti ndikumunamiza, ndipo nkhaniyi ndailemba kuti aone kuti sindimanama.

Tiyambe ndi manambalawo. Nambala 7 ikunena za kukula kwa chibowo cha mpope wa mfuti, mamilimita 7. Nambala 57 ndi kutalika kwa khoko lamkuwa losungiramo wonga, mamilimita 57. Basi, palibe matsenga. Dzina la Mauser ndi la mwini wake, Paul Mauser, Mjeremani wa m'tauni ya Oberndorf, amene anakonza chipolopolochi m'chaka cha 1892.

Kuti mumvetse chifukwa chake chinagwedeza dziko, kumbukirani gogodera. Agogo anga aamuna anali nayo, ndipo ndili mwana ndinaonapo mmene ankaidyetsera: wonga kukamwa, kansanza, tizitsulo, n'kumasinja ndi ndodo. Ikalira, utsi wake unkachita kuphimba munthu, moti nyama ikathawa sunkadziwa n'komwe kumene yalowera. Kwa zaka mazana ambiri mfuti za dziko lonse zinkayendera wonga wakuda woterowo. Unkatulutsa utsi, kudetsa mpope, ndipo sunkatha kuthamangitsa chipolopolo kwambiri. Ndiye pofuna mphamvu anthu ankangokulitsa chipolopolo, mfuti n'kumalemera, phewa n'kumalira.

Zinthu zinasintha mu 1884 pamene Mfalansa wina, Paul Vieille, anatulukira wonga wopanda utsi. Pofika 1886 asilikali a France anali ndi mfuti ya Lebel yoyendera wonga watsopanowu, ndipo maiko ena onse anayamba mpikisano. Wonga umenewu unalola kuti chipolopolo chikhale chowonda, chachitali komanso chothamanga. Cha Mauser chinkalemera magalamu 11.2 n'kumatuluka mu mpope pa liwiro la mamita pafupifupi 700 pa sekondi. Zipolopolo zisanu ankazimangirira pa kachitsulo kamodzi, msilikali n'kungokankha ndi chala chachikulu, zonse n'kulowa kamodzi.

Dziko loyamba kuchilandira linali Spain, mu 1893. Kenako anatsatira maiko monga Mexico, Brazil, Chile ndi Serbia. Koma dziko lonse linachimva bwinobwino pa 1 July 1898 ku Cuba, pa mapiri a San Juan. Asilikali a Spain osakwana 1,000 anatchinga njira ya gulu la Amereka lowaposa kangapo kuchuluka. Amereka ena anali akadali ndi mfuti za wonga wakuda, moti akaomba utsi unkawaulula pamene abisala. A Spain sankaoneka. Phirilo Amereka analanda ndithu, ndipo Theodore Roosevelt anatchukira pomwepo mpaka kudzakhala pulezidenti, koma anthu awo oposa 1,000 anaphedwa kapena kuvulala. Atabwerera kwawo anaphwasula mfuti za Mauser zimene analanda n'kuziphunzira. Mfuti yawo yatsopano, Springfield ya 1903, inafanana kwambiri ndi ya Mauser moti boma la America linachita kulipira kampani ya ku Germany ija.

Tsopano tibwere kuno kwathu ku Africa. Kumapeto kwa 1895, Leander Starr Jameson, mnzake wa Cecil Rhodes, analowa ndi gulu lankhondo m'dziko la Transvaal kuti akagwetse boma la Mabunu. Anagwidwa pa 2 January 1896. Paul Kruger, pulezidenti wa Transvaal, anadziwa kuti fisi akalawa khola amabweranso, ndiye boma lake pamodzi ndi la Orange Free State anaitanitsa mfuti zambirimbiri za Mauser zoyendera 7x57. Nkhondo itabuka mu October 1899, mfutizo zinali m'manja mwa alimi amene anakula akusaka nyama m'madambo aakulu, anthu odziwa kuyeza mtunda ndi diso.

Angerezi nawo anali ndi wonga wopanda utsi m'mfuti zawo za .303, koma zipolopolo ankalowetsa chimodzichimodzi, ndipo ankaphunzitsidwa kuomba pamodzi pa lamulo la bwana. M'sabata imodzi yokha ya December 1899 anagonja katatu: ku Stormberg, ku Magersfontein ndi ku Colenso. Mwezi wotsatira, pofuna kumasula tauni ya Ladysmith imene inazingidwa, anakwera phiri la Spion Kop usiku wa pa 23 January 1900. Kunali nkhungu. Anakumba maenje obisalamo pamalo olakwika, ndipo maenjewo anali osaya chifukwa cha miyala. Nkhungu itayera m'mawa, anapezeka ali poyera, Mabunu akuwathira zipolopolo ndi mabomba a mizinga kuchokera ku zitunda zoyandikana. Angerezi oposa 200 anafera pamwamba pa phirilo. Winston Churchill analipo tsikulo, ndipo Mohandas Gandhi anali m'gulu la Amwenye onyamula ovulala pa machira.

Ambiri mwa akufawo anali a m'magulu ankhondo ochokera ku Lancashire, dera limene mzinda wa Liverpool unali nthawi imeneyo. Mu 1906, timu itangotenga ligi kachiwiri, anamanga chitunda chachikulu choimapo masapota kuseri kwa golo, ndipo mtolankhani wa zamasewero, Ernest Edwards, anachipatsa dzina la phiri lija. Ndiye mukamaonera mpira Loweruka mu vidiyo sho, mbendera zofiira zikupepeza pa Kop, dziwani kuti dzinalo linachokera kuno kum'mwera kwa Africa, pamanda a anyamata amsinkhu wanu womwewo.

Famu imene ndinkagwira inali m'dera lomwelo, ndipo phirilo ndinalikwerapo. Chimene chinandiwawa n'chakuti zipilala zambiri zimakamba za azungu okhaokha, ngati kuti dzikolo linalibe eni ake. Chonsecho anthu akuda ndi amene ankayendetsa ngolo, kukumba maenje, kusamala mahatchi ndi kulondola njira mbali zonse ziwiri. Angerezi atayamba kutentha mafamu anatsekera anthu m'misasa. Mabunu pafupifupi 28,000 anafera mmenemo, ambiri ali ana. Anthu akuda oposa 100,000 anatsekeredwa m'misasa yawoyawo, ndipo amene imfa zawo zinalembedwa okha ndi oposa 14,000. Njovu ziwiri zikamamenyana umavutika ndi udzu. Sindingakambe za kukoma kwa chipolopolochi popanda kunena zimenezi.

Nanga chida chankhondo chinasanduka bwanji chokondedwa cha alenje? Apa pakubwera kampani ya John Rigby ya ku London, imene inali ndi chilolezo chogulitsa mfuti za Mauser ku Britain. Iwo anayamba kupanga mfuti zopepuka zosakira nyama zoyendera chipolopolo chomwechi, koma anachipatsa dzina lachingerezi: .275 Rigby. Nambalayo ndi mamilimita 7 omwe aja, kungoti awayeza mu mainchesi. Mungathe kuona nokha kuti Mngerezi amene m'bale wake anagona pa Spion Kop zikanamuvuta kugula chinthu cholembedwa dzina la Chijeremani. Chinthu chomwecho, malaya ena.

Mfutizi zinapeza kwawo m'mapiri a ku Scotland, kumene amasaka nyama yotchedwa red deer. Kwathu kuno kulibe deer. Ndi nyama zofananako ndi mbawala kapena ngoma, kungoti nyanga za mphongo zimachita nthambi ngati mtengo ndipo zimathothoka chaka ndi chaka. Kumeneko mlenje amayenda tsiku lonse m'mapiri opanda mitengo, kukwawa ndi mimba m'matope mpaka kuyandikira nyama, kenako kuomba kamodzi. Munthu wotero safuna mfuti yolemera ngati mpini wa ngolo. Amafuna yopepuka, yosamenya phewa, yofika pamene waloza.

Za kumenya phewaku ndilankhule zimene zinandichitikira. Pa famu paja ntchito yanga inali yokonza mipanda ndi kusenda nyama, koma nthawi yochepetsa nswala ikafika, abwana ankatilola kuomba iwo ali pompo. Ulendo woyamba mlendo wina anandibwereka mfuti yake ya .300 Winchester Magnum kuti ndiyesere pa pepala. Abale inu! Inandikankha ngati bulu, galasi loyang'anira linatsala pang'ono kundidula chikope, makutu anachita kulira. Ndinaomba katatu, n'kumaseka kuti anzanga asaone kuti ndachita mantha. Koma thupi siliiwala.

M'mawa mwake nswala yamphongo inaima bwinobwino pa mtunda wosafika mamita 100. Pamene chala chinkakoka, maso anga anatsinzina okha, phewa linakankhira kutsogolo kudikira nkhonya ija. Chipolopolo chinakalowa m'mimba. Nyamayo inathawa itapindika msana. Tinatsata magazi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ine ndi bambo wina wachikulire wa Chizulu amene tonse tinkangowatchula kuti Baba. Titaipeza inali itagona pansi pa mtengo waminga, ikupuma movutika, ntchentche zili ng'waa. Baba anaimaliza okha. Njira yonse yobwerera sanalankhule kanthu, ndipo kukhala chete kwawoko kunandipweteka kuposa kukalipa.

Patapita masiku angapo, Baba anakapempha kwa abwana mfuti ina yakale, yothetheka utoto, mtengo wake wosalala chifukwa chogwiridwa ndi manja ambiri. Anandiuza kuti nswala ija inafa ndi mantha anga, osati ndi kuchepa kwa mfuti. Anandigoneka pansi, thumba lamchenga kutsogolo, n'kundiuza kuti ndiombe maso ali chitsegulire. Ndinakoka ndikudikira chibakera. Chimene chinabwera chinali ngati munthu wakukankha paphewa kuti usendeze pa benchi. Ndinaona ndi maso anga fumbi likudzuka kuseri kwa pepala. Tinachita zimenezo kwa masabata atatu asanandilole kulozanso nyama. Nswala yachiwiri inagwa pomwe inaima, ndipo khoko la tsiku limenelo ndi lija lili pawindo.

Sayansi yake ndi ija ya Newton ya ku sekondale: chikakankhidwa kutsogolo, china chimakankhidwa kumbuyo. Kukankha kwa mfuti kumadalira kulemera kwa chipolopolo, liwiro lake, kuchuluka kwa wonga ndi kulemera kwa mfutiyo. Khoko la 7x57 limadya wonga wokwana magalamu atatu kapena kuchepera, pamene la .300 lija limadya oposa anayi ndi theka. Chinsinsi china chili mkati mwa mpope. Muli mizere yopotoka imene imazunguza chipolopolo ngati nguli, ndipo Mauser anaipotola kwambiri, kuzungulira kamodzi pa masentimita 22 aliwonse. Kuzungulira kofulumiraku kumathandiza kuti chipolopolo chachitali chisagubuduke m'malere. Ndipo chinthu chachitali, chowonda ndi cholemera chimalowa mozama. Yesani kubaya dzungu ndi msomali, kenako ndi mwala wolemera chimodzimodzi, muona.

Munthu amene anasonyeza zimenezi mopitirira muyeso anali Walter Bell wa ku Scotland, wodziwika kuti Karamojo Bell chifukwa chosaka ku Karamoja, kumpoto chakum'mawa kwa Uganda. Iye anapha njovu 1,011, ndipo pafupifupi 800 mwa izo anazipha ndi .275 Rigby, pogwiritsa ntchito zipolopolo zolimba zausilikali zija za magalamu 11.2. Anzake ankanyamula mfuti zikuluzikulu za mipope iwiri. Iye ankacheka zigaza za njovu ndi sowo kuti adziwe pamene pali ubongo kuchokera mbali iliyonse, n'kumaomba ali pafupi kwambiri. Zimenezi anazilemba m'buku lake la 1923, The Wanderings of an Elephant Hunter.

Olemba za mfuti ku Ulaya ndi ku America amamutchula Bell ngati ngwazi. Ine ndikawerenga nambala ija, 1,011, mtima umandiwawa. Bell sankasaka ndiwo. Ankafuna minyanga yokagulitsa, malonda omwe aja amene m'zaka za m'ma 1800 ankadutsa kwa Jumbe ku Nkhotakota pamodzi ndi akapolo. Ife tikudziwa kumene dyera la minyanga limathera. Ku Majete njovu zinatheratu pofika 1992, ndipo zinachita kubwezeretsedwa bungwe la African Parks litayamba kuyang'anira nkhalangoyo mu 2003. Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinanyamulidwa pa malole kuchoka ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota, chifukwa nakonso zinali zitatsala pang'ono kutha. Luso la Bell ndimalivomereza, koma sindingaliombere m'manja. Lero maiko ambiri a mu Africa muno salola n'komwe kusaka nyama zoopsa ndi mfuti yochepera .375.

Pali mlenje wina amene mbiri yake ndimaimva mosiyana. Jim Corbett anabadwira ku India, ndipo ankaitanidwa pamene chilombo chayamba kudya anthu. Mu 1907 anapha tiger wamkazi wa ku Champawat, chilombo chamizeremizere chachikulu ngati mkango, chimene chinali chitapha anthu 436 ku Nepal ndi ku India. Pomuthokoza, mkulu wa boma m'chigawocho, Sir John Hewett, anamupatsa mfuti ya .275 Rigby. Ndi mfuti imeneyo Corbett anapha nyalugwe wa ku Rudraprayag mu 1926, amene kwa zaka zisanu ndi zitatu anatsekereza anthu m'nyumba dzuwa likangolowa, atapha anthu osachepera 125. Aliyense amene anakulira kumudzi kumene fisi kapena ng'ona inalusapo akudziwa mantha amenewo. Corbett atakula anakonda kamera kuposa mfuti, n'kumalimbikitsa kuteteza nkhalango. Anasamukira ku Nyeri, ku Kenya, mu 1947 ndipo anamwalira komweko mu 1955. Nkhalango yoyamba yotetezedwa ya mtundu wa national park ku India ili ndi dzina lake.

Ku America chipolopolochi chinabereka ana. Ned Roberts anafinya khosi la khoko la 7x57 kuti ligwire chipolopolo chocheperako, ndipo kampani ya Remington inayamba kuchigulitsa mu 1934 pa dzina la .257 Roberts, chimene mpaka lero alenje a deer amachikonda chifukwa chosamenya phewa. Mu 1955 kunabwera .244 Remington, yomwe inadzatchedwa 6mm Remington, ya m'banja lomwelo. Mu 1980 Remington inatulutsa 7mm-08, yomwe imachita ntchito yomweyo ya 7x57 m'khoko lalifupi. Eleanor O'Connor, mkazi wa Jack O'Connor amene ankalemba za mfuti m'magazini ya Outdoor Life, anasaka nyama m'maiko osiyanasiyana ndi 7x57, pamene mwamuna wake ankalalikira za .270 Winchester.

Chodabwitsa n'chakuti makampani a ku America amachepetsa dala mphamvu ya zipolopolo za 7x57, poopa kuti wina angaziike m'mfuti yokalamba ya 1893 imene chitsulo chake sichingapirire. Choseketsa china chili ku Scotland. Lamulo la kumeneko limafuna kuti chipolopolo chosakira deer chizithamanga mamita osachepera 747 pa sekondi ndipo chizifutukuka chikalowa m'nyama. Ndiye kuti chipolopolo chenicheni chija chimene Bell anagwetsera njovu mazanamazana sichiloledwa kuombera deer kwawo komwe! Alenje a lero amaika chopepukirapo, cha magalamu 9, chimene chimadutsa mamita 800 pa sekondi.

Msika wa mfuti uli ngati wa mafoni. Zaka zingapo zilizonse kumabwera chatsopano, otsatsa malonda n'kumakuuza kuti chakalecho chatha ntchito. Mu 1962 kunabwera 7mm Remington Magnum, aliyense n'kuthamangira liwiro. Mu 2007 kampani ya Hornady inatulutsa 6.5 Creedmoor, ndipo achinyamata a ku America anaikonda kwambiri. Koma tamvani zimene amaitamandira: chipolopolo chachitali chowonda, mizere yopotoka kwambiri, liwiro lapakatikati, kusamenya phewa. Si nzeru zomwe zija za Paul Mauser za 1892? Nayo kampani ya Rigby mu 2017 inatulutsa mfuti yotchedwa Highland Stalker, potengera mfuti zakale za Bell ndi Corbett, ndipo .275 ili m'gulu la zipolopolo zake.

Kwa ine chifukwa chimene 7x57 yakhalira zaka zoposa 130 n'chosavuta. Thupi la deer silinasinthe, la nswala silinasinthe, phewa la munthu nalonso ndi lomwe lija. Chipolopolo chikadutsa m'mapapo onse awiri nyama imafa msanga, ndipo kuwonjezera wonga sikuipha kawiri. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi mlenje wodekha, ndipo munthu amadekha ndi mfuti imene sakuiopa. Amayeserera nayo kwambiri, amaidziwa, amaomba maso ali otsegula. Nyama yosavulazidwa pachabe ndiyo phindu lenileni la mfuti yofatsa.

Chibwerereni kumudzi sindinagwirenso mfuti, ndipo sindikulakalaka. Kuno nyama zatsala m'nkhalango zotetezedwa, ndipo malo ake ndi amenewo. Wina asawerenge nkhaniyi n'kukaganiza zolowa ku Kasungu kapena ku Liwonde usiku, akathera kundende ndipo ine sindidzamuzonda.

Sabata yatha mphwanga wa Fomu 2 anatola khoko lija n'kundifunsa kuti, "Amalume, ndiye mumasungiranji chinthu chophera?" Ndinamukhazika pansi. Ndinamuuza za phiri la nkhungu lija ndi anthu akuda amene maina awo sali pa zipilala, za njovu za Bell, za midzi ya ku Rudraprayag imene inayambanso kugona tulo. Kenako ndinamuuza za nswala yoyamba ija, mmene inkandiyang'anira pansi pa mtengo waminga. Anakhala chete kanthawi, n'kufunsa ngati yachiwiriyo inamva kuwawa. Ndinamuyankha kuti sindikukhulupirira kuti inadziwa n'komwe chimene chachitika. Anapukuta khokolo ndi malaya ake n'kulibwezera pawindo.